Kusamukira ku Chisi: Nanga Njinga?

Mwina mukuganiza zosamuka kuno kwa Mwambo kupita ku chilumba cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa. Kodi njinga yanu muitenge, kapena muigulitse n'kukagula ina?

Musafulumire kugulitsa. Njinga zatsopano zimagulidwa kumtunda kuno, monga ku Zomba. Mukagula ina, nayonso idzakwera boti pa doko la Kachulu ngati yakaleyo. Ndiye mwapindulanji? Gulani ina pokhapokha ngati yanuyo yatheratu, kapena ngati wina wa pachilumbapo akugulitsa yake motchipa.

Mukasankha kuitenga, funsani mwini boti mtengo wake musanakweze. Muimange bwino. Madzi a Chilwa ali ndi mchere, chifukwa palibe mtsinje wotuluka m'nyanjayi. Mchere umabweretsa dzimbiri msanga. Mukatsika ipukuteni, ndipo tcheni muthire mafuta. Tenganinso chubu, masipoko ndi pampu, kuopa kukasoŵa kumeneko.

Koma taganizani. Ku Chisi kuli mapiri, ndipo maulendo ambiri ndi apafupi, oyenda pansi. Ulendo wautali uli kumtunda kuno, pokagulitsa matemba ku Jali kapena ku Zomba. Ndikadakhala ine, njingayo ndikadaisungitsa kwa mbale wokhulupirika ku Kachulu, kuti ndikatsika boti ndiziipeza pomwepo.

Kumbukiraninso kuti Chilwa imaphwa. Inauma mu 1968 ndi mu 1995. Madzi akachepa, maboti amatitimira m'matope ndipo katundu amavuta kuwolotsa. Ngati mwatsimikiza zoitenga, iwolotseni madzi akadali ambiri.