Kugona Kuthengo Popanda Kukhuthula Thumba

Alipo ambiri ku Natuseko ndi m'makomboni ena a Kabwe amene, akamva za anthu opita kukagona m'mahema m'mbali mwa madzi kapena m'tsinde mwa phiri, amapukusa mutu nanena kuti zimenezo n'za eni magalimoto ndi matumba olemera. Koma akadakumbukira kuti asodzi a ku dambo la Lukanga amatha masabata ali m'misasa ya udzu, ndi kuti abale athu a mpingo wa Sabata amasonkhana chaka ndi chaka ku misonkhano ya misasa atasenza mphasa ndi miphika pamutu, akadazindikira kuti luso limeneli n'lakwathu kuyambira kale. M'chaka cha 1960 otsatira chipani cha UNIP, motsogozedwa ndi Kenneth Kaunda, anakumana pa thanthwe la Mulungushi, kumpoto kwa mzinda uno umene masiku amenewo unkatchedwa Broken Hill, nagona m'misasa yongomanga mofulumira pafupi ndi mtsinje. Amene anakonza za ufulu wa dziko sanadikire mahema a mtengo wapatali, ndipo mnyamata wofuna kupuma mpweya wa kuthengo masiku awiri alibenso chifukwa chowadikirira.

Choyamba kulingalira ndi nyengo. Miyezi yabwino ndi ya chilimwe choyambirira, kuchokera mu Meyi kufikira mu Ogasiti, pamene mvula yakata, njira zauma, ndipo udzudzu wachepako. Komabe popeza dziko la Kabwe lili pamtunda, usiku wa Juni ndi Julayi umazizira kufikira m'mafupa, makamaka kufupi ndi madzi. Kuzizira kwambiri kumachokera pansi, pakuti nthaka imamwa kutentha kwa thupi la wogonapo, chotero wanzeru amayamba wayala pulasitiki, pamwamba pake makatoni opempha kwa a golosale kapena udzu wouma, kenaka mphasa, ndipo bulangete loyala pansi limamuthandiza koposa lachiwiri lofunda pamwamba. Chipewa cha ubweya, masokosi ndi jekete lochindikala zimapezeka pa salaula pa mtengo wochepa.

Za hema musade nazo nkhawa. Mutu umodzi susenza denga: anthu anayi kapena asanu akasonkherana, angathe kubwereka tenti kwa anzawo a ku tchalitchi kapena a gulu la masikauti, ndipo ikasowa, lona imodzi kapena pulasitiki yakuda ija amagulitsa m'masitolo a zomangira nyumba, yoponyedwa pa chingwe chomangidwa pakati pa mitengo iwiri ndi kukhomeredwa pansi ndi zikhomo zosema nokha, imatchinga mame ndi mphepo mokwanira. Yesani kuimika pabwalo la kwanu tsiku la ulendo lisanafike, kuti ngati pali chingwe chachifupi kapena pong'ambika mudziwiretu kukadali koyera, pakuti palibe chomvetsa chisoni ngati anthu olimbana ndi mfundo mumdima ali ndi njala. Chimene simuyenera kusiya konse ndi neti yotchinga udzudzu, imene ili kale m'nyumba mwanu. Malungo sasankha mwezi, ndipo ndalama zonse mwapulumutsazo zingathere pa kudwala kwa sabata imodzi.

Malo ogonapo ayenera kusankhidwa dzuwa lisanapendeke. Akhale okwera pang'ono, osati m'khwawa, osati pansi pa mtengo wa nthambi zouma, ndiponso kutali ndi chulu ndi njira ya linthumbwi. Anthu a ku Kabwe ali ndi chenjezo lawolawo limene a mizinda ina alibe: mgodi wa mtovu ndi zinki umene unabala mzinda uno unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu likadali m'nthaka yozungulira milu ya zinyalala za mgodiwo, ndipo limawononga kwambiri ana aang'ono, choncho musamange msasa kapena kuphika pafupi ndi malo amenewo, ngakhale aoneke apululu ndi aulere. Ofuna madzi ndi mthunzi amalunjika ku damu la Mulungushi, limene linatsegulidwa mu 1925 kuti lipereke magetsi ku mgodi. Madzi ake ndi okongola, koma m'mitsinje ndi m'madamu a dera lino muli ng'ona, ndipo m'madzi odikha mumabisala likodzo. Musagone m'mphepete mwenimweni mwa madzi, musatunge kukada, ndipo musasambe pamene eni dera sanakuuzeni kuti n'pabwino.

Apa ndipo pagona mutu wa nkhani, pakuti thengo lopanda mwini kulibe. Pamene pali woyang'anira malo, lipirani chimene wanena, ndipo mufunsiretu mtengo wake musananyamuke. Pamene pali mudzi, yambani mwaonekera kwa anyakwawa, mupereke moni mwaulemu monga achitira Alenje eni nthaka, munene kumene mwachokera ndi masiku amene mukhale. Safunsa anadya phula. Anyakwawawo ndi amene adzakulozerani chitsime, kukuchenjezani za manda ndi malo oletsedwa, ndi kukutumizirani mwana wokugulitsani nkhuni kapena nsomba. Ndipo mlendo wodziwika kwa mfumu amagona tulo tabwino koposa wobisala m'tchire ngati mbala.

Kunena za chakudya, tengani chopepuka ndi chosachedwa kupsa: ufa, kapenta, soya, mbatata, mtedza wokazinga, tomato, anyezi, mchere ndi masamba a tiyi. Nyemba zouma zisiyeni kunyumba, chifukwa zimatha nkhuni ndi madzi, ndipo nyama yaiwisi siichedwa kununkha. Poto mmodzi wa nsima, wina wa ndiwo, mthiko, mpeni, machesi okulungidwa m'pepala la pulasitiki ndi tochi zikwanira. Madzi akumwa muwawiritse kapena muthiremo mankhwala a klorini monga mwa malangizo a pa botolo, ngakhale aoneke oyera ngati galasi; ndipo m'kathumba kena muikemo bandeji, mankhwala a mutu ndi timapaketi ta mchere ndi shuga tothandiza wotsegula m'mimba.

Moto ndi bwenzi la wapaulendo, komanso ndi umene wapha ambiri. Mbaula isalowe konse m'hema kapena m'msasa wotsekedwa, ngakhale kuzizire chotani, pakuti makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha, ndipo wogona amangopitirira osadzukanso. Kolezani panja pamalo olambulidwa, muzungulize miyala, ndipo pokagona muzimitse ndi madzi ndi dothi, popeza m'chilimwe kamoto kamodzi kouluka ndi mphepo kamasanduka lupsa lotha minda ndi nkhokwe za anthu osalakwa. Mamawa kutumulani nsapato musanavale, chifukwa zinkhanira zimakonda pofunda. Ndipo za kudzithandiza, ngakhale chilamulo cha Mose chinalamula ana a Israele kutuluka kunja kwa chigono ndi chokumbira ndi kufotsera. Chitani chomwecho, kutali ndi madzi amene ena amamwa.

Ulendo woyamba ukhale wa usiku umodzi, pamalo apafupi pofika minibasi kapena njinga, mutauza a kunyumba kumene mwapita ndi tsiku lobwera, foni ili yodzaza moto, ndipo ndalama yobwererera ili yosungidwa payokha osaikhudza. Zinyalala zonse mubwere nazo, kuti eni mudzi akadzakuonaninso adzakulandireni ndi manja awiri. Mukatero kawiri katatu, mudzadziwa nokha chimene munasenza pachabe ndi chimene chinasowa, ndipo pamenepo mungayambe kusonkherana ndalama ya galimoto yolimba yokafika ku chigwa chakuya cha Lunsemfwa, kum'mawa kwa Kabwe, kumene njira yake njovuta ndipo sikufuna anthu ongoyamba kumene.