MAKINA A MAU ATATU ANASENZA NYIMBO ZA ANTHU 70

ALIYENSE amene anakhalapo ndi lamya ya m'manja ya Nokia kuno kwa Mfumu Mburuma, kapena anaimva ikulira m'thumba la wogula nsomba pa Luangwa Bridge, anamverapo nyimbo ya gitala ya ku Spain osadziwa. Kanyimbo kaja kanatengedwa m'nyimbo yochedwa Gran Vals, imene Francisco Tárrega anapeka m'caka ca 1902.

Koma luso lopanikiza nyimbo yaikulu m'kamakina kakang'ono silinayambe ndi lamya ai. Linakula m'zaka za m'ma 1980, pamene makompyuta anayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba ku Britain ndi ku America. Anali kuwalumikiza ku wailesi ya kanema, ndipo ana anali kucitapo masewera ocokera pa tepi ya kaseti.

Bvuto lake linali ili. Nyimbo za akatswiri akale monga Beethoven zinapekedwa kuti ziyimbidwe ndi gulu lalikulu, nthawi zina loposa anthu 70, ena pa zingwe, ena pa malipenga, ena pa ng'oma. Koma kompyuta ya ZX Spectrum, imene inatuluka mu 1982, inali ndi liu limodzi lokha, lolira ngati nkhululu. Ngakhale zinali tero, mnyamata wina wa ku England, Matthew Smith, anaikamo nyimbo ya Edvard Grieg wa ku Norway m'masewera ake a Manic Miner mu 1983. Kunena zoona, siinali yokoma kwenikweni m'khutu, komabe ana ambiri anamudziwira pomwepo Grieg.

Kompyuta ya Commodore 64, yotuluka caka comweco ca 1982, ndiyo inapambana. M'kati mwake munali kacitsulo kochedwa SID, kamene anakonza Bob Yannes, kotha kuturutsa mau atatu nthawi imodzi. Atatu basi. Malo ake osungiramo zinthu anali ocepa kotero kuti cithunzi cimodzi cojambulidwa ndi lamya za lero sicikanakwanamo.

Nanga anatani? Pano woliza kalimba wa Cinsenga angamvetse msanga kuposa munthu wa kusukulu. Iye ali ndi zala zazikulu ziwiri zokha, koma amazisinthanitsa mwacangu mpaka womvera aganiza kuti akuliza anthu awiri kapena atatu. Akatswiri monga Rob Hubbard ndi Martin Galway anacita cimodzimodzi. Pofuna kuti mau atatu amveke pamodzi, anali kulamula liu limodzi kuti lizidumpha kucoka pa loyamba kunka pa laciwiri ndi lacitatu, kusintha ka 50 pa sekondi imodzi. Khutu la munthu silingathamange motero, ndiye limangomva mau onse ataphatikizana, akunjenjemera pang'ono. Ng'oma nayo inalibe malo akeake. Anali kuibera mpata pa liu la besi: besi ikapuma kamphindi, ng'oma igunda, besi ibwereranso. Zonsezi sanali kuziimba ndi manja koma kuzilemba m'manambala, limodzilimodzi.

Nyimbo zakale zinakondedwa pa cifukwa cinanso, ca ndalama. Eni ake anamwalira kalekale, kotero panalibe wolipiritsa. Motero nyimbo ya Johann Strauss yochedwa The Blue Danube inalowa m'masewera a Elite pa Commodore 64 mu 1985, kutsanzira filimu ya 2001: A Space Odyssey ya mu 1968 imene inaigwiritsa nchito poyamba posonyeza combo ca m'mlengalenga cikukoceza. Nyimbo za mafilimu atsopano zinafuna cilolezo ca eni ake. Masewera a Ghostbusters a mu 1984 anali ndi nyimbo ya Ray Parker Jr., mau ake akuoneka pa galasi, kampira kakudumpha pa liu lililonse kuti ana aziimba motsatira.

Kampani ya Commodore inagwa mu 1994, ndipo tizitsulo ta SID tinaleka kupangidwa kale. Kamodzi kakapsa, asakasaka m'makina ena akufa. Poopa kuti nyimbozi zingathe pamodzi ndi makinawo, anthu ozikonda anayamba kuzisonkhanitsa mu 1996 m'nkhokwe yochedwa High Voltage SID Collection, ndipo zinapitirira 50,000. Zambiri mwa izo munthu angazimvere pa lamya yokhala ndi intaneti, malinga netiweki itagwira.