Supercharger ndi injini ya stroker

Supercharger ndi stroker ndi njira ziwiri zowonjezera mphamvu ya injini ya petulo. Njirazi zinatchuka kwambiri ku United States, makamaka pakati pa anthu okonza injini za masilinda asanu ndi atatu za Chevrolet ndi Ford. Cholinga chake ndi chimodzi, kuti injini iwotche mpweya ndi mafuta ochuluka nthawi iliyonse ikazungulira. Supercharger imakankhira mpweya wambiri m'masilinda omwe alipo kale, pomwe stroker imakulitsa malo a m'masilindamo. Kwa munthu wa ndalama zochepa, chimene chimasonyeza njira yoyenera ndi mmene injini yake ilili asanayambe ntchito.

Injini ya stroker

Kukula kwa injini kumadalira m'mimba mwa silinda, chiwerengero cha masilinda, ndi mtunda umene pisitoni imayenda kuchoka pamwamba kufika pansi. Mtunda umenewu m'Chingerezi ndi stroke, ndipo umadalira crankshaft, chitsulo chokhotakhota chimene chimasandutsa kukwera ndi kutsika kwa mapisitoni kukhala kuzungulira. Makaniko akaika crankshaft yotalikitsa mtundawu, injiniyo imatchedwa stroker.

Chitsanzo chodziwika ndi injini ya Chevrolet 350, ya malita 5.7, imene inatuluka mu 1967. M'mimba mwa silinda yake ndi mainchesi 4.00, ndipo pisitoni imayenda mainchesi 3.48. Mu 1970 Chevrolet inatulutsa injini ina ya banja lomweli, ya 400, imene pisitoni yake imayenda mainchesi 3.75. Amakaniko ankatenga crankshaft ya 400, kuipala kuti ikwane mu 350, ndi kukulitsa masilinda kufika mainchesi 4.03. Zotsatira zake ndi injini yotchedwa 383, ya malita pafupifupi 6.3. Ku Ford, injini ya 302 amaisandutsa 347 potalikitsa mtundawu kuchoka pa mainchesi 3.00 kufika pa 3.40.

Ntchitoyi si yaing'ono. Injini imatsitsidwa m'galimoto ndi kumasulidwa yonse. Pamafunika mapisitoni atsopano, ndipo mkati mwa injini amaperamo malo ena kuti zitsulo zolumikiza pisitoni ku crankshaft zisagunde khoma. Zonse zozungulira ziyenera kuyezedwa kulemera kwake, apo ayi injini imanjenjemera n'kudya mabering'i. Ntchito zambiri mwa izi zimachitikira kumalo amene ali ndi makina opalira zitsulo, osati pakhomo.

Supercharger

Supercharger ndi pampu ya mpweya imene imazunguliridwa ndi injini yomweyo kudzera pa lamba. Imasiyana ndi turbocharger, imene imazunguliridwa ndi utsi wotuluka. Mtundu wakale kwambiri ndi wa Roots, dzina la abale awiri a ku Indiana, Philander ndi Francis Roots, amene analembetsa pampu yawo mu 1860 kuti izipemerera ng'anjo zosungunulira chitsulo. Mercedes inagulitsa magalimoto okhala ndi supercharger m'zaka za m'ma 1920. Pambuyo pake anthu ampikisano ku America ankachotsa pampu ya 6-71 pa injini za dizilo za General Motors n'kuiika pa injini zawo za petulo.

Mtundu wa Roots ndi wa twin-screw umapereka mpweya wambiri ngakhale injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Mtundu wa centrifugal, wonga wa Paxton, Vortech ndi ProCharger, umaonetsa mphamvu yake injini ikathamanga kwambiri.

M'mphepete mwa nyanja ya mchere mpweya umapanikiza ndi mphamvu ya 14.7 psi. Supercharger ikawonjezerapo 7 psi, powerengera papepala injini imalandira mpweya wowonjezera pafupifupi theka. Mphamvu yofika ku matayala sifika pamenepo, chifukwa mpweya wopanikizidwa umatentha n'kupepuka, komanso pampuyo imadya gawo la mphamvu ya injini. Ngakhale zili choncho, kusintha 350 kukhala 383 kumakulitsa injini ndi gawo losakwana limodzi mwa magawo khumi, kotero supercharger ndiyo imawonjezera mphamvu yambiri ikaikidwa payokha.

Vuto lalikulu ndi kutentha. Mpweya wotentha ndi wopanikizidwa umachititsa mafuta ena kuphulika okha m'silinda moto wa pulagi usanawafike, ndipo injini imamveka kugogoda. Kugogodaku kumaswa mapisitoni, makamaka otsika mtengo amene magalimoto ambiri akale anatuluka nawo kufakitale, komanso kumapsereza gasiketi. Pofuna kupewa zimenezi pamafunika petulo wa octane yokwera, pampu ya mafuta yamphamvu, kuchedwetsa pang'ono nthawi ya moto, ndipo kawirikawiri chozizitsira mpweya chotchedwa intercooler.

Kusankha ndalama zikachepa

Choyamba ndi kuyeza injini imene ilipo. Makaniko amayeza mmene silinda iliyonse ikupanikizira mpweya, mphamvu ya oyilo, ndi mtundu wa utsi. Injini ikakhala yotopa, yodya oyilo kapena yofuka utsi wabuluu, iyenera kumasulidwa basi. Apa stroker ndiyo njira yosaboola m'thumba, chifukwa mapisitoni, maring'i, mabering'i ndi ntchito yopala masilinda zikanalipiridwabe. Chowonjezera chenicheni ndi crankshaft ndi kupera pang'ono mkati. Kuika supercharger pa injini yotopa kumangofulumizitsa kufa kwake, ndipo mwini wake amalipira kawiri.

Injini ikakhala yabwino, zinthu zimatembenuka. Kuimasula n'kutaya zitsulo zimene zikanagwirabe ntchito zaka zambiri. Supercharger imamangiriridwa kunja, injini ili m'galimoto momwemo, ndipo itha kuchotsedwa n'kugulitsidwa payokha. Mtengo wake wogulira ndi wokwera, koma ntchito yoika imachepa. Chofunika ndi kusapyola muyeso wa mpweya umene mapisitoni angapirire.

Ntchito ya galimoto nayo ili ndi gawo. Stroker imakoka bwino injini ikuzungulira pang'ono ndipo ilibe lamba wowonjezera kapena pampu yofuna chisamaliro, kotero imayenera magalimoto onyamula ndi okoka katundu. Malo okwera monga Denver, pa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka ndipo injini wamba imafooka. Kumeneko supercharger imabwezera gawo la mphamvu yotayikayo.

Ndalama zobisika ndi malamulo

Njira zonse ziwiri zimalemetsa giyabokosi, kilatchi, redieta ndi mabuleki, ndipo zimenezi ziyenera kuwerengeredwa pa mtengo wonse. Injini yokulitsidwa imafunanso njira zazikulu zolowera mpweya ndi zotulutsira utsi kuti mphamvu yake ioneke. Ku California, zipangizo zambiri zotere ziyenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la California Air Resources Board kuti galimoto iloledwe pamsewu.

Njira ziwirizi zimathekanso kuphatikizidwa. Ena amayamba ndi stroker, n'kusankhiratu mapisitoni olimba amene sapanikiza mpweya kwambiri, kenako amadzaika supercharger ndalama zikapezeka. Kutero kumapewa kumasula injini kachiwiri, ngakhale kuti nthawi yodikirayo injini imakhala yofookerapo.