Jallikattu: Mabala a Nyanga za Ng'ombe pa Chikondwerero cha Zokolola ku Tamil Nadu

Chaka chilichonse pakati pa mwezi wa Januwale, anthu a ku Tamil Nadu, kummwera kwa dziko la India, amachita chikondwerero cha zokolola chotchedwa Pongal. M'masiku amenewa ndimo mumachitika Jallikattu, masewera olimbana ndi ng'ombe zamphongo. Mipikisano yotchuka kwambiri ndi ya ku Avaniyapuram, Palamedu ndi Alanganallur, m'boma la Madurai. Nthawi imeneyi zipatala za m'derali, kuphatikizapo Government Rajaji Hospital, zimalandira anthu ambiri ovulala.

Mmene masewerawa amachitikira

Ng'ombe zake ndi zamakolo zokhala ndi linunda, monga mitundu ya Pulikulam ndi Kangayam. Amazitulutsa imodziimodzi kudzera pa kachipata kopanikiza kotchedwa vadi vasal. Anyamata odikirira pabwalo amayesetsa kukumbatira linunda ndi kukakamirabe pomwe ng'ombe ikudumpha ndi kuthamanga. Wakwanitsa amalandira mphoto. Akalephera onse, mphoto imapita kwa mwini ng'ombe. Palinso mtundu wina wotchedwa manjuvirattu, pomwe ng'ombe zimamasulidwa pamtetete, pafupi ndi khamu la anthu.

M'chaka cha 2014, khoti lalikulu la India linaletsa masewerawa ponena kuti ndi nkhanza kwa ziweto. Mu Januwale 2017 anthu zikwizikwi anachita zionetsero ku Marina Beach mumzinda wa Chennai, ndipo boma la Tamil Nadu linasintha lamulo kuti masewerawa ayambirenso. Mu Meyi 2023 oweruza asanu a khotili anagamula kuti kusinthako kunali kovomerezeka. Choncho funso la azaumoyo lero ndi lakuti imfa ndi kulumala zichepetsedwe bwanji.

Akuvulala ndani?

Ambiri amaganiza kuti ngozi ili pa opikisana okha, koma ayi. Oonerera komanso eni ng'ombe amafa nawo chaka ndi chaka. Ng'ombe ikapulumuka pabwalo imathawa ili ndi mantha, ndipo imagunda aliyense amene yakumana naye, makamaka kumalo komwe eni ake amaidikirira kuti aigwire. Wopikisana amakhala maso ali pa ng'ombe, pamene woonerera wopanikizika m'khamu alibe kothawira.

Chifukwa chake bala la nyanga ndi loopsa

Ng'ombe imaweramitsa mutu kenako n'kuutukula mwamphamvu, motero nyanga imakonda kubaya m'ntchafu, m'mphechepeche, pamimba ndi pachifuwa. Pakhungu pakhoza kuoneka kabowo kakang'ono, koma munthu akanyamulidwa ndi kuzunguzidwa nyanga ili m'thupi, mkati mumang'ambika njira zingapo. Matumbo, chikhodzodzo, chiwindi kapena mapapo akhoza kubooka. Mtsempha waukulu wa m'ntchafu ukaduka, munthu amatha magazi m'mphindi zowerengeka.

Nyanga imalowetsanso dothi ndi ndowe m'thupi, zomwe zimabweretsa mafinya komanso chiopsezo cha kafumbata. N'chifukwa chake bala lotere silifunika kungosokedwa pamwamba. Liyenera kufufuzidwa mpaka pomwe lathera, kutsukidwa bwino ndi kuchotsa minofu yakufa, ndipo wodwalayo alandire maantibayotiki ndi chitetezo cha kafumbata. Amene wapondedwa kapena kugwetsedwa akhoza kuthyoka nthiti, kuvulala ubongo kapena msana, ngakhalenso kukha magazi m'mimba popanda bala looneka. Wotereyu asabwezedwe kunyumba msanga chifukwa chakuti akuyenda yekha.

Zomwe zimateteza

Malamulo a 2017 amafuna kuti madokotala a ziweto ayeze ng'ombe zonse, opikisana ayezedwe thanzi, pabwalo payalidwe ulusi wa makoko a kokonati wofewetsa pogwera, ndipo oonerera akhale kuseri kwa mipanda iwiri. Pamafunikanso gulu la azachipatala ndi ambulansi. Mu Januwale 2024 boma linatsegula bwalo lomangidwira masewerawa ku Keelakarai, pafupi ndi Alanganallur.

Njirazi sizilingana mphamvu. Kuyeza opikisana ndi kufewetsa pabwalo kumathandiza okhawo amene ali mkati. Woonerera amatetezedwa ndi mpanda wolimba, osati pabwalo pokha, koma m'njira yonse yomwe ng'ombe imadutsa mpaka itagwidwa. Pa manjuvirattu, pomwe malo ndi aakulu, izi ndi zovuta kukwaniritsa.

Ofufuza amene akufuna kudziwa ngati malamulowa akugwira ntchito ayenera kulemba zambiri kuposa chiwerengero cha ovulala. Pa wodwala aliyense padziwike ngati anali wopikisana, mwini ng'ombe kapena woonerera, malo enieni amene anagundidwira, komanso nthawi yomwe inadutsa asanafike kuchipatala chochita opaleshoni. Kaundula wotere ndiye angasonyeze pofunika mpanda wina ndi poimika ambulansi.