Digiri ya uinjiniya ya ku Thyolo: kodi imalandiridwa bwanji kunja kwa dziko lino?

THYOLO, Mana: Sukulu ya ukachenjede ya Malawi University of Science and Technology (MUST), yomwe ili pa Ndata m'boma la minda ya tiyi la Thyolo, idatsegula zipata zake mu 2014 ndipo imaphunzitsa mainjiniya monga a zamakemikolo, a zazitsulo ndi a zipangizo za m'chipatala. Womaliza maphunzirowa angathe kulembedwa ntchito yoyang'anira makina ndi mabwela a fakitale ya tiyi ku Satemwa kapena ku Naming'omba popanda wina kukayikira pepala lake. Akangowoloka malire, zinthu zimasintha.

M'dziko muno, bungwe la National Council for Higher Education, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limavomereza sukulu ndi maphunziro ake, pomwe Malawi Engineering Institution, pansi pa lamulo la 2019, imalembetsa mainjiniya. Mphamvu za mabungwe awiriwa zimathera pa Mwanza, Dedza ndi Songwe.

Kunja kuli pangano la Washington Accord, lomwe lidasainidwa mu 1989 ndi mabungwe a ku America, Britain, Canada, Ireland, Australia ndi New Zealand. South Africa idalowa mu 1999 kudzera ku bungwe lake la ECSA. Pa panganoli, digiri yomwe yavomerezedwa ndi membala mmodzi imatengedwa kuti ikufanana ndi ya anzake onse. Chomwe chimavomerezedwa ndi maphunziro, osati munthu: injiniya amayenerabe kulembetsa m'dziko lomwe wapita, koma sayesedwanso ngati adaphunzira zokwanira.

Malawi si membala wa panganoli. Choncho wophunzira wa ku MUST kapena ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, akafuna ntchito ku Johannesburg amapereka mapepala ake ku SAQA ndi ku ECSA kuti awunikidwe payekha, phunziro ndi phunziro, ndipo ndalama ndi nthawi yodikira zimatuluka kwa iye mwini.

Kulowa m'panganoli si nkhani ya nduna kusaina chikalata, mfundo imene ambiri m'maofesi sayidziwa. Amene amalowa ndi bungwe lovomereza maphunziro a uinjiniya. Bungwelo limayamba ngati membala wongoyembekezera mothandizidwa ndi mamembala awiri, kenako akatswiri akunja amabwera kudzaona momwe limayendera sukulu: ma labotale, aphunzitsi ndi mayeso. Ngakhale litalandiridwa, limawunikidwanso pa zaka 6 zilizonse.

Kwa ofuna kukapitiriza maphunziro, njira ndi yotsegukako. Pangano la SADC la zamaphunziro, lomwe lidasainidwa ku Blantyre mu 1997, limapempha sukulu za ukachenjede kusungira ophunzira a m'maiko a m'chigawochi malo osachepera 5 pa 100 aliwonse, komanso kuwalipiritsa fizi monga eni dziko.