Nyale Zobisika Kuseri kwa Galasi la Kanema

Pamene Television Malawi inayamba kuulutsa zithunzi m'chaka cha 1999, kanema anali chibokosi cholemera, chotumphuka kumsana, chodya magetsi kwambiri. Lero woyenda pa Bembeke, pa Linthipe kapena pa boma la Dedza amapeza makanema opyapyala ngati sileti, ena akuyendera batire la sola, anyamata atathithikana m'kanyumba kuonera mpira. Pa katoni yake pamalembedwa zilembo zitatu: LED. Ambiri amayesa kuti LED ndiyo imajambula chithunzicho, koma si choncho ayi.

LED ndi kanyale kakang'ono kopanda waya wonyeka uja wa m'babu lakale. M'malo mwake muli kachidutswa kopangidwa mwaluso, kamene kamatulutsa kuŵala magetsi akadutsamo, popanda kutentha kwambiri. Nick Holonyak wa ku America anapanga LED yofiira m'chaka cha 1962, koma yabuluu inazunguza mitu ya akatswiri kwa zaka pafupifupi 30, kufikira Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, mbadwa za ku Japan, anaitulukira. Atatuŵa analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014. LED yabuluu ikakutidwa ndi mankhwala achikasu otchedwa phosphor, kuŵala kwake kumaoneka koyera. Tinyale toyera totere nditimene timandandalikidwa kuseri kwa galasi kapena m'mphepete mwake, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha, kuunika.

Chithunzi chenichenicho chimapangidwa kutsogolo, pa galasi lotchedwa LCD. Galasi la mtundu wa Full HD lili ndi timadontho 1,920 mopingasa ndi 1,080 motsika, tonse pamodzi 2,073,600. Kadontho kalikonse kali ndi timazenera titatu: kofiira, kobiriŵira ndi kabuluu. Kuŵala kochokera kuseri kumayenera kudutsa masefa aŵiri oikidwa mopingasana. Zili ngati thabwa limene ladutsa pampata woimirira, nkukumana ndi mpata wogona. Silingapitirire pokhapokha wina atalitembenuza. Wotembenuzayo ndi madzimadzi otchedwa liquid crystal, amene ali pakati pa masefawo. Magetsi ochepa chabe amalamula madziwo kuti apotoze kuŵala kwambiri, pang'ono, kapena asapotoze konse, ndipo motero kazenera kamatseguka kapena kutsekeka. Diso silingathe kulekanitsa timazenera tating'ono chotere, choncho limasakaniza mitundu itatuyo nkuona nkhope ya munthu, udzu wa pabwalo ndi mpira umene.

Kudziŵa zimenezi kuli ndi phindu m'thumba. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malaŵi, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi. Kanema wafika m'midzi chifukwa tinyale timeneti sitifuna mphamvu zambiri, komabe nditomwe timadya gawo lalikulu la batire. M'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imakuta phiri la Dedza ndipo sola imadzaza mwaulesi, wochenjera amachepetsa kuŵala kwa kuseri, kumene pa kanema kumalembedwa kuti Backlight. Batire limafika nalo kumapeto kwa mpira, tinyale natonso timakhalitsa. Kanema woŵala ngati ali m'sitolo ngwokopera ogula basi. M'nyumba usiku amangotopetsa maso.

Nanga kanema akada bii, mawu okha akumveka? Apa mpamene ena amataya katundu wabwinobwino. Mwini wake ayatse tochi, aunike pafupi ndi galasi ali m'chipinda chamdima. Ngati chithunzi chikuoneka mwachizimezime, galasi lili moyo. Zafa ndi nyale za kuseri kapena mbali imene imazipatsa magetsi. Tinyaleti kaŵirikaŵiri timalumikizidwa mondondozana, kotero kuti kamodzi kakapsa, mzere wonse umazima. Mmisiri wodziŵa ntchito amachotsa mzerewo nkuikapo wina. Koma kutsegula kanema si ntchito ya aliyense: m'kati mumatsalira magetsi oopsa ngakhale atazimitsidwa, ndipo galasilo ndi lopyapyala moti likangothetheka, mtengo wake umayandikira wa kanema watsopano.