Nyanja yodzaza nsomba, ndiwo za m'chitini

Ambiri tikamva za tizilumba ta m'nyanja yamchere ya Pacific timaganiza kuti kumeneko njala ndi nkhani yachilendo. Munthu wozunguliridwa ndi madzi angasowe bwanji ndiwo? Nsomba ziliko ndithu, moti zoposa theka la nsomba za tuna zimene zimagwidwa padziko lonse zimachokera pakati ndi kumadzulo kwa nyanja imeneyi. Koma amene amazikokolola ndi eni zombo zikuluzikulu za ku Asia, America ndi ku Ulaya. Dziko ngati Kiribati limagulitsa ziphaso zophera nsomba, ndipo gawo lalikulu la ndalama za boma limachokera pamenepo. Ku South Tarawa, kumene kwathithikana pafupifupi theka la anthu a dzikolo, banja limadya mpunga wobwera pa sitima, ndiwo yake n'kukhala nyama kapena nsomba ya m'chitini. Tsopano madzi akutentha, ndipo akatswiri akuti tuna izisunthira kum'mawa, kunja kwa malire a maikowa, kumene palibe adzawalipire chiphaso.

Chikhulupiriro china n'chakuti tsoka la zilumbazi lidzafika tsiku limene nyanja idzazimeze. Mchere ndi umene wayamba kale kugwira ntchito, ndipo umadzera pansi. Zilumba zambiri za Kiribati ndi Tuvalu n'zamchenga, zotalika mamita awiri kapena atatu okha kuchokera pamadzi. Mvula ikagwa imalowa mumchengamo n'kukhala pamwamba pa madzi amchere, ndipo ndi madzi okhawo amene anthu amatunga pachitsime. Makolo awo anapeza nzeru yolimira pamalo ouma chonchi. Amakumba dzenje mpaka kufika pa madzi abwinowo, n'kubzalamo mbewu yofanana ndi koko, imene ku Kiribati amaitcha babai ndipo ku Tuvalu amati pulaka. Mlimi amaluka kadengu ka masamba kuzungulira tsinde lililonse, n'kumathiramo zinyalala zowolerana chaka ndi chaka. Mbewuyi imatenga zaka kuti ikhwime, ndipo paukwati kapena pamwambo waukulu ndi imene imapatsa banja ulemu. Mafunde aakulu akangosefukira m'dzenjemo, kapena chilala chikachepetsa madzi abwino n'kulola amchere kukwera, masamba amachita chikasu, chitsa n'kuwola. Thukuta la zaka zingapo limathera pomwepo nyumba zonse zili chiimire. Tuvalu inalengeza za ngozi ya chilala mu 2011, Kiribati mu 2022. Ndipo mu 2014 boma la Kiribati, lotsogozedwa ndi Anote Tong, linagula malo ku Vanua Levu m'dziko la Fiji, chifukwa china chikhale choti anthu ake adzapeze polima.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chimene anthu amanena akaona zithunzi za anthu onenepa a ku Nauru, Tonga kapena Samoa. Amati ndi umbombo, ena amati ndi ulesi. Taonani kaye chimene sitima imatsitsa padoko. Kwa zaka zambiri amalonda a ku New Zealand ndi Australia akhala akutumiza kuzilumbazi nthuli za pamimba pa nkhosa, zimene n'zamafuta ambiri, ndipo a ku America ankatumiza michira ya nkhukundembo imene kwawo anthu saifuna. Nyama zimenezi n'zotsika mtengo, ndiye mayi amene ali ndi ndalama zochepa m'manja agula chiyani? Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi analowera khomo lomwelo. Maboma sanangokhala chete ayi. Fiji inaletsa nthuli za nkhosazo mu 2000. Samoa inaletsa michira ya nkhukundembo mu 2007, koma pofuna kulowa m'bungwe la zamalonda la World Trade Organization mu 2012 inauzidwa kuti chiletsocho chichoke, ndipo chinachokadi. Ku Nauru nkhani yake ndi yomvetsa chisoni koposa: migodi ya fosifeti, imene inkanenepetsa minda ya ku Australia ndi New Zealand, inasiya mbali yaikulu ya chilumbacho ili miyala yosongoka posamera kanthu. Munthu wolandidwa munda sitingamunene kuti waulesi chifukwa choti akudya za m'sitolo.

Sindikunena kuti sitima ndi mdani. Namondwe wa Pam atasesa minda ya ku Vanuatu mu 2015, chakudya chochokera kunja ndi chimene chinapulumutsa anthu. Wa ku Likoma kapena Chizumulu amadziwa mmene mtima umakhalira sitima ya Ilala ikachedwa ufa uli pansi pa thumba. Choopsa n'chakuti munda ukafa, mtengo wa chakudya ndi mtundu wake zimasankhidwa ndi anthu akutali amene sadzadya nawo.

Enanso amati aliyense akukolola zimene anafesa. Apa ndiye bodza lenileni. Maiko onse a tizilumba ting'onoting'ono, kuwaphatikiza pamodzi, satulutsa ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya umene ukutenthetsa dziko.